Apongozi Anga ndi Mazira a Nalimata Wakuda

Chaka chimene mwana wathu woyamba anabadwa ndi chaka chomwenso nalimata wanga wakuda anaikira mazira ake omaliza. Sindikudziwa kuti pa ziwirizi ndi chiti chimene chinandisowetsa mtendere kwambiri. Mkazi wanga amati iye akudziwa.

Analimata amene ndimaweta si aja otuwa amene kwathu amamatirira kukhoma pafupi ndi babu, kudikira tizilombo. Awa kwawo ndi kumayiko a miyala ndi fumbi cha ku Pakistan uko. Sakwera khoma, ali ndi zikope ndipo amaphethira ngati munthu, mchira wawo ndi wonenepa, khungu lachikasu lamawangamawanga akuda, n'chifukwa chake oweta amawatchula dzina la kambuku. Woyamba ndinachita kusiyiridwa ndi mzungu wina amene ndinkakhala naye nyumba imodzi ku Highfields, kuno ku Leicester, ndili pasukulu. Anati akukaona makolo ake kwa masiku ochepa, ndimusungireko. Mpaka lero sanabwere.

Poyamba ndinkamudyetsa ndi nkhope yoipa. Kenako ndinayamba kumuyang'anitsitsa, kenako ndinamugulira mkazi, ndipo pamene ndinkamaliza sukulu n'kupeza ntchito mu labu ya chipatala china kuno ku Leicester, ndinali nditasanduka munthu woti akapita kusitolo amabwerako ndi mkaka, buledi ndi kabokosi ka nkhululu zamoyo. Nkhululu zimene tinkakumba n'kuwotcha tili ana, kuno ndimagulira abuluzi.

Za kuda zinabwera pambuyo. Tsiku lina ndinapita ku chionetsero cha oweta, mu holo ina ya masewera kufupi ndi Nottingham, ndi analimata anga achikasu owala bwino. Anthu ankangowadutsa. Onse anali ataunjikana pa tebulo la mkulu wina amene anali ndi awiri okha, akuda bii ngati makala, ndipo anthu ankakankhana ndi zigongono kuti awajambule. Chibwerere m'dziko muno ndinali ndisanaonepo chinthu chakuda chikulimbiranidwa motero. Ndinabwerera kunyumba mtima uli phaphapha, nditatsimikiza kuti nanenso ndidzakhala ndi wanga.

Koma kuda kwa nalimata sikugulidwa ndi changu. Umasankha wodera kuposa anzake, n'kumukweretsa ndi wodera mnzake, n'kudikira chaka kuti ana akule uone mtundu wawo weniweni, kenako n'kusankhanso. Ambiri amatuluka ofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Choipa china n'choti akamaderadera amafookeranso: amakula mochedwa, amaikira pang'ono, ndipo mazira ambiri amakhala opanda kanthu. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ine kudekha si mbali yanga, ndipo zaka zonsezo ndinaziyenda ndikudandaula. Pomaliza ndinapeza wamkazi mmodzi wakuda kuyambira kumphuno mpaka kunsonga ya mchira. Ana ake a zaka zotsatira onse anatengera abambo awo, ofiirira. Pamene ndinkapeza wamwamuna woyenerana naye, amene ndinakamutenga ku Derby, iye anali atayamba kukalamba, mchira ukuchepa, ndipo ndinadziwa kuti ndikamukweretsa chaka chimenecho sindidzamukweretsanso. Mazira a chaka chimenecho akapanda kuswa, ntchito ya zaka zonse zija ithera pomwepo.

Kunalinso mayi wina wachizungu wa ku Loughborough amene anaona chithunzi chake pa intaneti. Mayi ameneyu anali ndi chipinda chathunthu cha analimata, koma wakuda analibe, ndipo ankandilembera meseji ngati ndinamubera mbuzi. Waikira? Angati? Mundikumbukire, ndine woyamba. Sanali yekha, koma iye ndiye anali wosatopa.

Dzira la nalimata lili ndi lamulo limodzi lalikulu: silitembenuzidwa. Ndi lofewa ngati chikopa, kukula kwake ngati nsonga ya chala chachikulu, ndipo likangoikiridwa kamwana kamakhazikika chakumwamba kwake. Ukalitembenuza kamamira m'madzi a m'dziramo n'kufa. Choncho ukalitola umalilemba kadontho ka pensulo pamwamba, n'kuliika pa timiyala tonyowa m'kabokosi, kadontho kakuyang'ana kumwamba mpaka tsiku loswa. Timabokosi timeneti ndinkatiika mu kafiliji kakale kamene ndinakasandutsa chofungatira mazira, kotentha pang'ono chabe, chifukwa kutentha kukachepa ana amatuluka aakazi ndipo amaderako.

Mwana atatsala pang'ono kubadwa, tinagwirizana kuti apongozi anga abwere kuchokera ku Mchinji adzathandize mwana wawo, monga zimakhalira. Ine ndiye ndinalimbikira kuti abwere. Walira mvula walira matope.

Apongozi anga ndi munthu wa mwambo. Chikwatirire mwana wawo, ine ndi iwo tinali tisanayang'anizanepo m'maso. Kumudzi zimenezi n'zosavuta: mukakumana panjira wina amapatukira kutchire, moni mumapatsana mutanjuta chapatali, nkhope kumbali, ndipo nkhani zonse zimadzera kwa mkazi. Koma nyumba yathu ya ku Evington ilibe tchire. Ili ndi masitepe opapatiza amodzi, bafa limodzi ndi khitchini yoti anthu awiri sangadutsane osakhudzana. Masiku oyamba ndinkakhala ngati wakuba m'nyumba mwanga momwe. Ndikamva akutsika ndinkathawira pabalaza, iwo akamva ine ndikukwera ankabwerera kuchipinda chammbuyo, ndipo nthawi zina tonse tinkaima, wina pamwamba wina pansi, aliyense akutsokomola kuti mnzake adutse.

Chipinda chimene anagonamo ndi chimene munkakhala analimata. Asanafike, mkazi wanga anandiuza mosapita m'mbali kuti mayi ake asadziwe zoti ndimaweta abuluzi, makamaka akuda. Anati nkhani yotere ikachoka ku Leicester imakafika ku Mchinji itamera nyanga, ndipo pofika Khirisimasi ndidzakhala ndine mkamwini wokhwima amene anapeza ntchito ya kuchipatala ndi zizimba. Ndinaseka, koma iye sanaseke. Tinasamutsira mabokosi onse kuchipinda chathu chogona, kuseri kwa kabedi ka mwana, podziwa kuti apongozi sangaponde m'chipinda cha mkamwini ngakhale nyumba itayaka moto. Kafiliji kokha ndi kamene kanakanika. Malo anali atatha, komanso chipinda cha pamwambacho chimatentha kwambiri nthawi ya dzuwa, ndipo mazira akanapsa. Malo ozizira bwino m'nyumba monse anali kachipinda ka pansi pa masitepe, mosungira nsapato ndi huva, makina aja opopera fumbi. Ndinakaika mmenemo.

Apongozi sanachedwe kukapeza kafilijiko. Munthu amene wazolowera kudzuka n'kugwira khasu, ukamuika m'nyumba ya kapeti amasegula chitseko chilichonse kufunafuna chochita. Ntchito imene anabwerera inali itawalandidwa pang'onopang'ono. Namwino woyendera makanda anati mwana azigona chagada, asamafunditsidwe mabulangete ambiri, asamwetsedwe madzi, ndipo mkazi wanga, amene anaphunzira kuno, ankamvera namwinoyo. Zovala zinkachapidwa ndi makina. Huva inkadzutsa mwana. Aneba ankangogwedeza mutu n'kulowa m'galimoto. Loweruka tinkawatengera ku Highfields kukagula ufa ndi masamba, ndipo ankasangalala pang'ono akamatsutsana ndi wogulitsa za therere, koma masiku ena onse ankakhala pawindo kudabwa dzuwa losafuna kulowa.

Atafunsa kuti timazira timeneti n'tachiyani, mkazi wanga anayankha zimene zinamubwerera pakamwa. Anati n'ta timbalame ta kuno, toweta m'nyumba, makolo ake ali kwa mnzanga, ine ndimangoswetsa n'kugulitsa ana. Madzulo anandiuza akuseka, ndipo nanenso ndinaseka. Tonse tinaiwala chinthu chimodzi chimene tinkachidziwa bwino lomwe. Kumudzi, gulu la amayi a kutchalitchi kwawo lili ndi makina oswetsa mazira a nkhuku, aja otembenuza ndi manja m'mawa ndi madzulo, ndipo amene anapatsidwa udindo wotembenuza, chifukwa chosaphonya ndiponso dzanja lofewa, ndi apongozi anga.

Tsiku limene ndinatsegula kabokosi n'kupeza timadontho ta pensulo palibe, ndinaganiza kuti chinyontho chafufuta. Nditasuzumira cha m'mbali ndinaona kadontho kali pansi, kakuyang'ana timiyala. Mazira onse anali choncho, atayalidwa bwino lomwe, mwadongosolo kuposa mmene ndinawasiyira. Ndinakwera masitepe awiriawiri kukafunsa mkazi wanga, amene anali akuyamwitsa, ndipo iye anatseka maso kwa kanthawi n'kunena kuti ndi amayi.

Ndinamuuza kuti akawauze nthawi yomweyo. Anati awauza, koma apeze kaye mawu ake. Mawu amene anapeza anali oti bambo a mwana akuti makinawo amatembenuza okha. Yankho linabwerera kudzera njira yomweyo: apongozi akuti akhala pansi n'kuwayang'anira makinawo kuyambira m'mawa mpaka masana, ndipo sanatembenuze kanthu, bambo anawanamiza amene anawagulitsa. Akutinso ndisade nkhawa, ndizipita kuntchito ndi mtima umodzi, mazirawo ali m'manja mwa munthu wowadziwa.

Ndinamata zivundikiro ndi tepi. Apongozi anaimatula bwinobwino, n'kutembenuza, n'kuimatanso mowongoka kuposa ine. Ndinagula loko, koma mkazi wanga ataiona anailanda n'kuiponya m'chikwama cha matewera.

"Mukufuna mulokere amayi anga ngati wakuba? M'nyumba muno? Mlendo ndi mame, bambo a mwana. Pirirani, apita."

Ndinamuyankha kuti nalimata wanganso ndi mame, ndipo akamuka msanga kuposa apongozi. Anandiyang'ana ndi maso a munthu amene sanagone mokwanira chibadwire mwana, n'kundifunsa ngati ndikudzimva zimene ndikulankhula. Ndinkadzimva. Ndinkadziwa kuti mwamuna wamkulu, wa digiri, wa mwana wakhanda, sayenera kukangana ndi mkazi wake chifukwa cha mazira a buluzi. Kudziwako sikunandithandize chilichonse.

Nalimata amaikira awiriawiri, n'kupuma milungu ingapo, n'kuikiranso. Awiri aliwonse amene ndinkaika m'kafiliji ndinkadziwa kumene akupita. Ndinayesa kusunga ena kuchipinda chathu, m'kabati, koma kunja kunatentha sabata imeneyo ndipo anafota. Ndinaganiza zowatengera kwa mayi wa ku Loughborough, koma ndikanamuuza chiyani? Kuti ndikuthawitsa mazira chifukwa sindingathe kulankhula ndi munthu amene ndikukhala naye nyumba imodzi? Akanandifunsa kuti bwanji osangowauza, ndipo funso limenelo ndinalibe nalo yankho la Chingerezi. Kuntchito ndinkalephera kukhala pampando. Chofungatiracho chimatumiza kutentha kwake pa foni, ndipo chitseko chake chikatsegulidwa nambala imatsika pang'ono. Ndinkaiona ikutsika ndili ndi magolovesi m'manja, kutali ndi kunyumba, n'kudziwa kuti dzanja lofewa lija lalowa. Mnzanga wina wa ku Zambia amene timagwira limodzi anandifunsa ngati mwana akudwala. Ndinati ayi, ndi mano chabe, chonsecho mwanayo analibe ndi dzino limodzi lomwe.

Chimene chinkandipweteka kwambiri n'choti apongozi anali atasangalala. Anayamba kudzuka ndi nyimbo. M'mawa uliwonse ndinkamva masitepe akulira, kachitseko kakutseguka, kenako nyimbo ya kutchalitchi yoimbira pansipansi, ya mawu okoma, imene ngakhale mwana ankaikonda. Pa foni ankauza achibale kuti kuno sakungodya ndi kugona, akuthandiza bizinesi ya bambo. Mazira atayamba kuphwa n'kuchita nkhungu, anatumiza uthenga wachisoni kudzera kwa mwana wawo: asukusa chifukwa zikamba zake n'zofewa, timbalameto tikusowa chakudya cholimbitsa. Kuyambira pamenepo ankatola zikamba za mazira a nkhuku amene tinkadya, n'kuzikazinga, n'kuzisinja ndi botolo, n'kundisiyira ufa wake m'kapu pa sitepe yachitatu kuti ndikapatse mnzanga uja. Ndinkatola kapuyo n'kuthokoza khoma mokweza kuti amve. Ndinkawakwiyira, ndinkawamvera chisoni, ndinkadzikwiyira ndekha, zonse nthawi imodzi.

Dzuwa litayamba kufupika, wakuda uja anaikira awiri ena. Nditamutola, khungu linali litakwinyika m'mbali, mchira utatsala ngati pensulo, ndipo anagona m'dzanja langa osafuna n'kuyenda komwe. Ndinadziwa kuti ndi omaliza. Ndinawalemba timadontho n'kuwaika m'kafiliji, ndipo ndili chiimire pamenepo nzeru ina inandibwerera imene mpaka pano sindidziwa ngati inali yochenjera kapena yamisala. Mwambo womwewo umene unkanditseka pakamwa unkawatsekeranso iwo njira. Ine ndikakhala pakhomo pa kachipindako, apongozi sangayandikire.

Ndinapempha tchuthi cha sabata kuntchito. Ndinatenga kampando n'kukhala m'kanjira ka pansi pa masitepe, msana utatsamira kachitseko. Kuti zisaoneke zachilendo ndinayamba kupolisha nsapato. Ndinapolisha zanga, za mkazi wanga, ngakhale zimene tinali titazitaya mumtima. Nsapato zitatha ndinayamba kukonza huva imene sinali yowonongeka. Apongozi ankafika pamwamba pa masitepe n'kutsokomola, ine n'kutsokomolanso koma osasuntha, iwo n'kubwerera. Pakapita kanthawi ankabweranso. Chakudya ndinkadyera pomwepo. Ndikafuna kupita kubafa ndinkadikira kaye kuti alowe kukasambitsa mwana. Usiku wokha ndi umene ndinkachokapo, chifukwa iwo sankatsika kukada. Mkazi wanga ankandidumpha miyendo ndi dengu la zovala, ndipo tsiku lina anaima n'kunena kuti amayi akufunsa ngati bambo achotsedwa ntchito.

Tchuthi chinatha. Lolemba ndinadikira mpaka nthawi itandithera, n'kutuluka, n'kukwera basi. Ndinakhala pafupi ndi windo foni ili m'manja, ndikuyang'ana nambala ija. Sinasunthe. Basi inadutsa masitolo, inaima, inanyamukanso, ndipo mwendo wanga unkangogwedera wokha moti mayi amene anakhala pambali panga anasamukira mpando wina. Tisanafike n'komwe pa London Road ndinaliza belu n'kutsika. Ndinabwerera wapansi, mothamanga, chikwama chikundimenya kumsana. Ndikulowa mumsewu wathu nambala inatsika.

Ndinatsegula chitseko cha nyumba n'kuwapeza atagwada pa kachipinda kaja, msana uli kwa ine, akuimba. Kabokosi kanali pa chitenje chawo, chivundikiro chili pambali. Dzira limodzi anali atalitembenuza kale. Zala zawo zinali zikupita pa linalo.

"Amayi, siyani!"

Mawuwo anatuluka aakulu kuposa mmene ndinkafunira, mawu okalipira mwana amene akuseweretsa mpeni. Nyimbo inaduka. Dzanja linaima m'malere. Kwa nthawi yoyamba chikwatirire mwana wawo anatembenuka n'kundiyang'ana m'maso, ndipo nkhope imene ndinaiona sinali ya mkwiyo, inali ya munthu amene wamenyedwa mbama pagulu. Anaika kabokosi pansi pang'onopang'ono, anakoka mpango n'kuphimba nkhope, n'kudutsa pambali panga atawerama, kukwera masitepe. Mwana anayamba kulira. Ine ndinagwada n'kuvundikira kabokosi, ndipo ndiyenera kunena kuti chimene ndinayang'ana choyamba ndi kadontho ka dzira lotsalalo. Kanali kakuyang'anabe kumwamba.

Mkazi wanga anakhala nawo kuchipinda mpaka masana. Atatuluka maso anali ofiira, ndipo anati wawauza zonse: za analimata, za mabokosi a kuchipinda kwathu, za lamulo la dzira, za zaka zimene ndinataya. Ndinafunsa kuti ati chiyani. Anati angofunsa ngati tikiti yawo ingasinthidwe kuti apite msanga.

Masiku otsatirawo nyumba inazizira. Apongozi ankadyera kuchipinda. Mwana ankamusamalabe monga kale, koma masitepe sankalira m'mawa, ndipo pa sitepe yachitatu panalibenso kapu. Ndinatumiza kupepesa kudzera kwa mkazi wanga, yankho n'kubwera loti palibe cholakwa, nyumba ndi ya bambo. Ndinagula chitenje ndi nsapato zotentha, anathokoza kudzeranso mwa mwana wawo, koma sanazivale. Paja pepani sapoletsa chilonda. Mkazi wanga sankandikalipira, zimene zinali zoipa kuposa kukalipira, ndipo za tikiti ankangozengereza, kuwauza kuti ndege zadzaza. Tsopano panalibe woti ndimulondere, koma sindinapezebe mtendere. Dzira lotembenuzidwa lija linaphwa. Linalo ndinkaliunika ndi tochi ya foni, n'kuona timitsempha tofiira m'kati mwake, n'kutseka, n'kubwereranso pasanapite nthawi ngati kuti lasintha. Mayi wa ku Loughborough ankalembabe. Ndinasiya kumuyankha.

Linaswa nthawi imene ku Belgrave anali atayamba kupachika magetsi a chikondwerero cha Amwenye cha Diwali, kunja kutayamba kuzizira. Ndinatsegula kafiliji m'mawa wa Loweruka n'kupeza chikamba chitaphwa ngati kathumba, ndipo pakona pa kabokosi panali kanalimata kotalika ngati chala changa, konyowa, kakupuma mofulumira. Ana a nalimata amabadwa ndi mizere yachikasu ndi yakuda. Aka kanalibe mzere. Kanali kakuda bii, kuposa mayi ake, moti maso ake ndinachita kuwafunafuna. Nditayandikitsa chala kanatsegula kukamwa n'kulira kamawu kokalipa ngati chitseko chosowa mafuta.

Chinthu chimene ndinachidikira zaka zonse zija chinali m'manja mwanga, ndipo ndinasowa woti ndimuonetse. Mkazi wanga anali atagona ndi mwana. Ndinazungulira m'khitchini, ndinatuluka panja, ndinalowanso. Kenako ndinatenga kabokosiko n'kukaika pa sitepe yachitatu, paja pankakhala kapu, n'kukhala pansi m'kanjira, nkhope ndikuyang'ana kukhoma.

Ndinadikira nthawi yaitali. Nditamva chitseko chawo chikutseguka sindinathawire pabalaza. Anatsokomola, ine ndinakhalabe. Ndinamva akutsika pang'onopang'ono, n'kuima, kenako n'kukhala pa sitepe. Chivundikiro chinatseguka. Kanthu kaja kanaliranso.

"Ndiye ana ake ndi otere," anatero. Sankalankhula ndi khoma kapena ndi mwana wawo. Ankalankhula ndi ine. "Aja onse aja anali ndi ana otere m'kati?"

Ndinayankha nditaweramitsa mutu kuti si onse, ena mwina analibe kanthu chiyambire, mtundu umenewu umatero.

"Musandinamize kawiri, bambo."

Ndinavomera kuti ena anali nawo. Kenako analankhula mofatsa, mawu osakwera, ngati akuwerengera munthu zimene wagula. Anati nalimata samuopa, agona naye m'nyumba imodzi chibadwire, ndipo chimene munthu amaweta m'nyumba mwake ndi nkhani yake. Anati kukalipiridwa kuja kunawawa, koma kunapola, chifukwa munthu akaona mwana akugwira moto sayamba ndi moni.

"Chimene sichikupola ndi ichi. M'mawa uliwonse ndinkagwada apa n'kumapha ana a mwini ndikuimba nyimbo ya Mulungu, inu mukumva. Miyezi yonse ija. Munandisiya ndiphe kuopa kundilankhula. Ulemu wanji umenewo, bambo?"

Ndinali nditakonzeka kupepesa chifukwa cha mawu awiri amene ndinanena, osati chifukwa cha ambirimbiri amene sindinanene. Ndinatembenuka n'kuwayang'ana. Anali atanyamula kabokosiko ndi manja awiri, mowongoka, osakapendeketsa ngakhale pang'ono, ngakhale kuti munalibenso dzira loti lingatembenuke.

Mayi wa ku Loughborough ndinamulembera tsiku lomwelo kuti kaswa kamodzi ndipo sikogulitsa. Anayankha zambiri, ndinawerenga mzere woyamba wokha. Kanalimatako kanakula, n'kakakazi, ndipo sikanayezuke. Mayi ake anakhalako mpaka nyengo yozizira itatha, akudya mphutsi zimene ndinkachita kumupatsira pakamwa.

Apongozi sanasinthe tikiti. Milungu imene inatsala ankadya nafe patebulo, ankandifunsa za kuntchito pamaso, ndipo tikakumana pa masitepe ankangondiuza kuti ndipatuke, ndine wamng'ono. Mpaka lero akaimba foni, akamaliza ndi mwana wawo ndi mdzukulu, amati apatseni bambo, n'kundifunsa ngati wakuda uja akudya. Mkazi wanga amati ndinapeza mayi, ndipo n'zoona. Koma kuyambira Lolemba lija mpaka tsiku limene tinawaperekeza ku bwalo la ndege, ndinkadzuka m'mawa n'kutchera khutu ku masitepe, ndipo sanaimbenso m'nyumba mwathu.